Chisamani chikafika, musachibise pansi pa mkeka

Amayi anzanga, ambiri mwa ife tinakongolapo ndalama, kaya ku banki m'khonde, ku bungwe lobwereketsa ndalama kapena kwa akatapila. Bizinesi ikagwa, mwini ndalama amatha kukasuma kukhothi, ndipo pakhomo pamafika chisamani. Ena chifukwa cha manyazi amachibisa kuti bambo kunyumba asachione, ena amathawira kumudzi kwawo kuti nkhani izizire. Ndikukupemphani kuti musatero. Mlandu suwola.

Khothi silidikira munthu mpaka kalekale. Masiku olembedwa pa chisamani akatha inu osayankha, kapena tsiku la mlandu likafika inu osaoneka, wosumayo amapempha chigamulo inu kulibe. Khothi limaona ngati mulibe chotsutsa, ndipo likhoza kugamula kuti mulipire ndalama zonse zimene iye walemba, kuphatikizapo chiwongoladzanja ndi zimene wawononga posuma. Kenako amabwera asherifu kudzalanda katundu: makina osokera, njinga, mbuzi, zinthu zomwe mumadyetsera ana. Ngakhale mutakhala kuti theka la ngongoleyo munabweza kale, palibe amene adzakunenereni.

Ngati zafika kale pamenepa, musataye mtima. Lamulo limalola kupempha khothi lomwelo kuti lichotse chigamulocho ndi kumva mbali yanu. Malamulo a ku High Court a chaka cha 2017 amati pempholi lifike pasanathe miyezi itatu chigamulo chiperekedwere, ndipo wochedwa afotokoze chomwe chinamuchedwetsa. Ngongole zing'onozing'ono zimakaweruzidwa kwa majisitireti, koma nakonso woweruza amafuna kumva zinthu ziwiri.

Choyamba ndi chifukwa chomveka chimene simunayankhire. Mwina chisamanicho sichinakufikeni, anachisiya pakhomo pomwe munasamuka kalekale. Mwina munagonekedwa m'chipatala, kapena mumadwazika mwana. Tengani buku lanu la kuchipatala likakhale umboni. Kungonena kuti munali ndi mantha sikungakuthandizeni kwenikweni.

Chachiwiri ndi yankho lenileni pa mlanduwo. Mwina ngongoleyo munabweza, mwina sindinu munakongola, mwina ndalama zalembedwazo ndi zochuluka kuposa zimene munagwirizana. Dziwaninso kuti pali lamulo lotchedwa Loans Recovery Act, lomwe limapatsa khothi mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chankhanza. Koma khothi silingachite zimenezi inu muli chete kunyumba.

Popereka pempholi, pemphaninso khothi kuti liyambe laimitsa asherifu, chifukwa pempho lokha silibweza galimoto yawo. Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau, yomwe boma linakhazikitsa kuti izithandiza osauka pa milandu.

Sindikunena kuti tizikana ngongole. Wokongola abweze, chifukwa ndalamazo ndi thukuta la mnzathu, ndipo banki m'khonde imafa anthu akamazemba. Ngati ngongole mukuivomera, kaonekereni kukhothi ndi kupempha kuti muzibweza pang'onopang'ono monga mungathere. Kulipira zoona zokhazokha mwa dongosolo kuli bwino kusiyana ndi kulandidwa katundu pa ndalama zowonjezera.

Pa msonkhano wotsatira wa bungwe lathu, tikumbutsane kuti aliyense azisunga malisiti ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza zimene wabweza. Ndipo mnzathu akalandira chisamani, tisamuseke. Timuwerengere, tione tsiku lalembedwapo, tsikulo likafika timuperekeze kukhothi.