Lezala lotha ntchito lisamatsomekedwe kudenga

Makolo ndi aphunzitsi anzanga, tisiye kutsomeka malezala otha ntchito kudenga ndi m'ming'alu ya khoma. Ku America nyumba zakale zinali ndi kabowo koponyera malezala mkati mwa khoma, moti okonzanso nyumbazo amawapeza ali mulu mpaka lero. Komatu kumeneko mwana sankawafikira. Kuno ku Angónia amasolola lezala la dzimbiri, n'kubwera nalo m'kalasi kudzasongolera pensulo, kenako amabwerekana ndi anzake. Akadzicheka, bala lolowa dothi limatha kubweretsa kafumbata, ndipo magazi a mnzake angampatsire matenda a chiwindi a Hepatitis B. Lezala likabuntha, liponyeni m'chimbudzi chokumba, mwanayo mumugulire chosongolera. Nanga kusukulu kwanu mumatani?