Nambala yaifupi si umboni woti ngolo ndi yakuba

Pali mawu amene afala pakati pa ogula ndi ogulitsa maboti ku America. Akuti ngolo yonyamulira boti ikakhala yopanda nambala ya zilembo 17, ndiye kuti ndi yakuba basi. Ife tikukana. Mawuwa akusemera chinyau anthu osalakwa, ndipo akutayitsa ngolo zolimba zomwe zikanagwirabe ntchito.

Nambala ya zilembo 17, ija amati VIN, inakhazikitsidwa ndi bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu la NHTSA kuyambira mu 1981. Kale kampani iliyonse inkalemba nambala mmene yafunira, ina yaifupi, ina yaitali. Nanga ngolo ya mu 1968 ikaitenga kuti nambala yomwe kunalibe pamene inkapangidwa?

Kawirikawiri nambala imakhala ilipo, yangobisika. Yambani kufufuza pa chitsulo chakutsogolo chimene chimakoledwa ku galimoto, makamaka mbali ya kumanzere. Pamenepo opanga ankakhomapo kachitsulo kapena kumatapo pepala. Koma ngolo ya boti imalowa m'madzi nthawi zonse boti likamatsitsidwa. Madzi amchere ndi dzuwa zimafufuta pepala, dzimbiri limadya chitsulo, eni ake n'kupaka penti pamwamba pa penti ina. Mukapanda kuipeza, gonani chagada muone m'kati mwa zitsulo za m'mbali, popeza ena ankaidinda pachitsulo penipeni. Palani pang'onopang'ono ndi burashi ya waya, pakani choko, muwalitse tochi cham'mbali kuti zilembo zituluke. Makina opalira zitsulo musawayandikize n'komwe, amadya dzimbiri ndi nambala yomwe.

Musasokonezenso. Nambala ya zilembo 12 yomwe ili kumbuyo kwa boti, imene lamulo linayamba kufuna mu 1972, ndi ya botilo, si ya ngolo ayi.

N'zoona kuti mbava zimafufuta manambala, sitikutsutsa. Koma dzanja la mbava limaoneka: malo osalala opalidwa kumene pakati pa dzimbiri lakale, kapena kachitsulo kokhomedwa ndi misomali yonyezimira. Apo ndiye pokayikira.

Nambala ikasowadi, musadinde yanuyanu, umenewo ndi mlandu. Tengerani ngoloyo ku ofesi ya boma yolembetsa magalimoto. Kumeneko amaiyendera, ndipo akakhutira amaipatsa nambala yatsopano, monga amachitira ndi ngolo zowotcherera pakhomo.