GALIMOTO IKAMALIRA KUNSI, TISAKWEZE WAILESI

Loŵeruka lina m'nyengo yokolola ndidakwera galimoto ya matola pa Mpingu kupita ku Namitete. Idali Toyota Sienta, imene eni ake ku Japan adaipanga kuti izinyamula anthu 7, koma tsiku limenelo tidalimo anthu 11, osaŵerengera matumba aŵiri a mtedza ndi tambala womangidwa miyendo. Tisanafike n'komwe pa Msundwe, kunsi kwa galimoto, mbali ya kumanzere, kudayamba kumveka gogodo! gogodo! paliponse pamene tayala laponda chigamba cha phula. Ndidafunsa woyendetsa ngati naye akumva. "Aphunzitsi, musade nkhaŵa," adatero, "ndangoikitsa masipuling'i atsopano dzana, ndiye akuzoloŵerana ndi galimoto." Atatero adatambasula dzanja nakweza wailesi.

Dzanja lokweza wailesi limenelo ndilo ndafuna kutsutsana nalo lero. Chitsulo sichizoloŵera ngati mkamwini pamudzi wachilendo. Chikamagogoda ndiye kuti penapake pamasuka, pasweka kapena pakukhulana, ndipo amene akhala pamwamba pa chitsulocho ndi ana athu, amayi athu ndi ife tomwe.

Tisafulumire kudzudzula eni galimoto, chifukwa vuto lawo n'lenileni. Galimoto zambiri zimene zikuyenda kuno zidagwira kale ntchito ku Japan, kumene lamulo limati galimoto yatsopano iyesedwe pakatha zaka 3, kenaka zaka ziŵiri zilizonse. Kuyesako n'kodula, choncho ambiri amagulitsa galimoto zikadali zolimba. Zimadzatsikira padoko la Dar es Salaam n'kuloŵa m'dziko muno pa Songwe. Tsono galimoto zimenezi adazipangira misewu yosalala, ndipo mimba yake imakhala pafupi ndi nthaka. Pamsewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji zimayenda bwino ndithu. Koma zikangopatukira m'misewu yadothi yoloŵa m'midzi ya ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma, kumene ngolo ndi madzi a mvula zakumba mikwasa, mimba ija imakwekwesa pansi. Mwini galimoto amene adaonapo oyilo wa injini yake akutayikira m'matope sangalekerere. Amapita kwa makaniko nati, "Ndikwezereni."

Kukwezako kulipo kwa mitundu ingapo. Ena amaika mphira yochindikala kapena chitsulo pamwamba pa sipuling'i. Eni mapikapu ndi maminibasi amaonjezera tsamba limodzi kapena aŵiri pa masipuling'i a masamba a kumbuyo. Ndipo masiku ano, amene ali ndi kangachepe amaitanitsa kunja chipangizo chotchedwa coilover. Ichi ndi sipuling'i yopotana yovekedwa pa shock absorber, imene amakaniko amangoti shoko. Thunthu la shokoyo lili ndi mazinga ngati a bawuti, ndipo sipuling'i imakhala pa mphete ziŵiri zachitsulo zimene munthu angapotokole kuti galimoto ikwere kapena itsike. N'chipangizo chanzeru, koma tidziŵe kwawo kwa chinthu. Ambiri mwa macoilover ogulitsidwa pamsika adawapangira anthu ofuna kutsitsa galimoto kuti ithamange pamsewu wosalala, ndipo shoko yake ndi yaifupi. Ife timagula chinthu chotsitsira galimoto n'kuchipotokola mpaka kumapeto kuti chikweze. Tayala likagwera m'dzenje, shoko imatambasuka n'kufika pothera mwadzidzidzi, ndiye gu! uja timamumva m'msana.

Apa ndipo ndikufuna ophunzira anga akale atchere khutu. Kodi mukukumbuka tsiku lija tidapachika timiyala pa kasipuling'i m'kalasi, n'kumayeza kutalika kwake ndi rula? Lija ndi lamulo limene Robert Hooke wa ku England adafalitsa m'chaka cha 1678: sipuling'i imatambasuka kapena kufinyika molingana ndi kulemera kumene yasenza, malinga ngati sitidapyole malire ake. Ambiri mudaliloŵeza pamtima chifukwa cha mayeso a Fomu 4, ndipo mudalisiya pakhomo la chipinda cholembera. Koma lamuloli lili pansi pa galimoto iliyonse yoima pa siteji ya Namitete. Sipuling'i yolimba imafinyika pang'ono, motero galimoto yodzaza imaoneka ngati yopepuka. Diso lanyengedwa, koma kulemera sikudapite kulikonse. Mabuleki ndi omwe aja, matayala ndi omwe aja, mabawuti a magudumu ndi omwe aja.

Taonani kumbuyo kwa Toyota Probox yonyamula katundu. Pambiri pamakhala kachikwangwani ka zilembo za Chijapani zimene sitingaŵerenge, koma nambala yake tonse timaiŵerenga: 400 kg. Amenewo ndi matumba 8 a chimanga a makilogalamu 50, ndipo apo mwakwera anthu aŵiri okha. Palibe sipuling'i imene ingasinthe nambala imeneyo. Kuonjezera apo, galimoto yokwezedwa imanyamulira kulemera kwake m'mwamba, ngati mayi wosenza mtsuko pamwamba pa mtsuko unzake. Pokhota imapendekeka msanga. Walira mvula walira matope: wofuna kutalikitsa galimoto avomerenso kuchepetsa liŵiro, pakuti liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mphamvu imene mabuleki ayenera kuigonjetsa imaŵirikiza kanayi.

Tsopano tibwerere ku phokoso, pakuti phokoso lililonse lili ndi kwawo, ndipo makaniko wodekha amalilondola ngati mlenje wotsata mapazi a gwape.

Gogodo womveka poyenda pang'onopang'ono pa timabampu kaŵirikaŵiri amachokera ku timikono tiŵiri timene timalumikiza shoko ndi chitsulo chopingasa chotchedwa stabiliser, chimene chimaletsa galimoto kupendekeka. Galimoto ikakwezedwa, timikonoti timakhala mokokeka. Nati imamasuka, kapena kamkono kamagunda chitsulo china. Ngati phokoso ndi thi! lomveka pokhotetsa chiwongolero galimoto ili chiimire, yang'anani pamwamba pa sipuling'i ya kutsogolo. Pamenepo pali bearing imene imalola sipuling'i kuzungulira pamodzi ndi gudumu. Ikauma, kapena ikaikidwa molakwika, sipuling'i imapotoka kenaka n'kudumpha. Palinso mphete ziŵiri zija. Yachiŵiriyo ntchito yake n'kutsekera yoyamba, ndipo zikapanda kumangidwa mothinana zimamasuka pang'onopang'ono ndi kugwedezeka kwa msewu wa mabampu. Makaniko wanzeru amalemba mzere wa penti kudutsa mphete zonse ziŵiri, kuti pakatha sabata aone ngati mzerewo waduka.

Cholakwa chimene ndachiona koposa n'chobwera ndi changu. Mabawuti odutsa m'mabushi a mphira ayenera kumangidwa komaliza galimoto itatsitsidwa, itaima pa matayala ake. Akamangidwa galimoto ili pa jeke, magudumu akulendeŵera, mphira ija imapotoka galimoto ikangotsika ndipo imakhala yopotoka usana ndi usiku. Poyamba imalira tswii! tswii! ngati mbeŵa, pakapita miyezi yang'ambika. Te-te-te womveka pokhota galimoto ikukoka ndi wina: ameneyo ndi CV joint, mfundo imene imapereka mphamvu ya injini ku gudumu, ndipo kukweza galimoto mopyola kumaipinda koposa mmene idapangidwira. Pomaliza, galimoto iliyonse yosinthidwa msinkhu iyenera kukaongoledwa magudumu pa makina. Mwini wake akaumira ndalama ya ntchito imeneyo, adzailipira pogula matayala odyeka mbali imodzi.

Ndinenepo za moyo wa makaniko mwini. Sipuling'i yofinyidwa yasunga mphamvu yokwanira kuthyola nsagwada. Ndaonapo anyamata akuimanga ndi waya kapena chingwe m'malo mwa chipangizo chake chofinyira, ndiponso akugona pansi pa galimoto yokhazikidwa pa jeke yekha. Mnyamata wophunzira ntchito ali ndi ufulu wokana zimenezi, ngakhale bwana wake akalipe.

Nanga udindo uli kwa yani? A Directorate of Road Traffic and Safety Services amapereka chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino, koma woyesa amaiona tsiku limodzi, pamene nati imamasuka tsiku lililonse. Sukulu za ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College zimaphunzitsa umakaniko mwadongosolo, koma anyamata ambiri a kuno amaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, kwa amalume awo. Kumeneko kuli luso la manja lalikulu limene ine wa choko ndilibe. Chosoŵa ndi chifukwa chake cha zinthu, ndipo chimenecho chili m'makope amene ana athu adasiya m'sutikesi. Aphunzitsi anzanga a sayansi, mlandu wina ndi wathu. Timaphunzitsa Hooke ngati munthu wa m'buku, pamene galimoto ya ahedi yaima panja pa zenera. Kutulutsa kalasi kwa mphindi 20, ana n'kuyeza ndi rula mmene galimoto ikutsikira anzawo akamakwera mmodzimmodzi, sikufuna ndalama ya Unduna.

Tsiku lija titafika pa Namitete ndidapeza mnyamata amene ndidamphunzitsa zaka zitatu zapitazo, tsopano akuphunzira umakaniko. Mayeso sadakhoze bwino kwenikweni, koma makutu ali nawo. Ndidapempha woyendetsa uja kuti amlole aone, ndipo adavomera monyinyirika, injini ili chilirire. Mnyamatayo adapempha kuti azimitse injini ndi wailesi yomwe. Adagwedeza galimoto, nagwada, naloŵetsa dzanja kuseri kwa tayala la kumanzere. Nati ya kamkono ka stabiliser idazungulira ndi zala zokha. Adaimanga ndi sipanala, kenaka adayang'ana nati zina zonse zimene adamanga munthu yemweyo tsiku lomwelo, napeza kuti mphete za mbali imeneyo nazo sizidatsekedwe.

"Madala," adatero kwa woyendetsa uja, "izi ndamanga. Koma anthu 11 aja ndilibe sipanala yake."

Woyendetsa adaseka, nampatsa ya sopo, nayamba kuitanira anthu opita ku Kamwendo.