Aphunzitsi a m'makoleji apatsidwe owathandiza pa intaneti

Sabata yathayi ndinali pa Mulanje Mission kukazonda matenda. Pamsewu ndinacheza ndi mayi wina wogulitsa nanazi, amene mwana wake anakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Mtsikanayo anafufuza pa foni za koleji ina ya mumzinda, koma chimene anapeza pa tsamba lake la intaneti ndi chilengezo cha zaka ziwiri zapitazo ndi nambala ya lamya yosayankhidwa. Mapeto ake mayiwo anatapa mpamba wa geni kuti mwana akwere minibasi mpaka ku Blantyre kukangofunsa tsiku lotsekera kulandira makalata.

Kodi zimenezi n'zoona, abale anzanga?

Ena athamangira kuloza chala aphunzitsi. Ine ndikuti ayi. Mphunzitsi wa unamwino, monga a pa koleji ya anamwino ndi azamba ya pa Mishoni pompa, ntchito yake ndi kusula anamwino, osati kukonza masamba a pa intaneti. Akaweruka m'kalasi ali ndi mayeso oti achonge. Tsono nthawi yolimbana ndi kompyuta aipeza kuti?

Sukulu zaukachenjede zachuluka m'dziko muno. MUST inatsegulidwa kwa Ndata ku Thyolo mu 2014. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa, n'kubadwa KUHeS ndi MUBAS. Nyumba zikumangidwa, inde, koma kwa mwana wa ku Chitakale kapena ku Muloza, chipata choyamba cha sukulu ndi foni ya m'manja. Tinaziona mu 2020 pamene Covid-19 inatseketsa sukulu: amene analibe njira yofikira ophunzira ake pa intaneti anangopinda manja.

Chowawa n'chakuti sukulu ikakhala chete, atsizinamtole ndiwo amayankhula. Amamwaza zilengezo zabodza pa WhatsApp, n'kumauza makolo kuti atumize ndalama pa foni kuti mwana apeze malo. Wolira ndi wa geni yemwe uja.

Choncho ndikupempha akuluakulu a makoleji ndi mayunivesite kuti alembe anthu apaderadera a ntchito imeneyi: wokonza tsamba kuti lizitseguka msanga ngakhale pa foni yotchipa, ndi mlembi wolandira nkhani kwa aphunzitsi n'kuziika poyera tsiku lomwelo. Fizi, masiku olembetsa ndi zoyenereza zilembedwenso m'Chichewa, chifukwa wolipira fiziyo nthawi zambiri ndi kholo losamva Chingerezi. Nazo zotsatira za kafukufuku wa aphunzitsi zisamangodyedwa ndi chiswe m'makabati pamene alimi a tiyi ndi nthochi akuzisowa.

Kumbukirani kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito mu 2020. Kwa sukulu za boma, kuuza anthu zoona m'nthawi yake si chifundo ayi, ndi udindo.

Inunso ophunzira musamangong'ung'udza. Mukapeza chilengezo chakale, lemberani akuluakulu a sukuluyo. Paja mwana wosalira amafera mumbereko.