Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Posankha Microcontroller Yoyambira

Wachinyamata wa ku Mitundu kapena ku Nathenje amene afuna kuphunzira kulamula makina amayamba wakumana ndi funso ili: agule microcontroller yamtundu wanji? Microcontroller ndi kakompyuta kakang'ono kamene kamaŵerenga kutentha kapena chinyezi, ndi kuyatsa kapena kuzimitsa pampu ndi nyali potsata malamulo amene mwini wake walemba.

Mitundu yake njambiri. Arduino inayambira ku Ivrea, m'dziko la Italy, m'chaka cha 2005. ESP32, imene inatuluka mu 2016, ili ndi Wi-Fi ndi Bluetooth. Raspberry Pi Pico inadza mu 2021 pa mtengo wa madola 4. STM32 njamphamvu, koma imafuna munthu wozoloŵera kale. Wongoyamba akamayang'ana uku ndi uko, chaka chimatha asanayatse ngakhale nyali imodzi. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chofunika nkuyamba ndi ntchito, osati dzina. Woŵeta nkhuku ku Nathenje afuna kuti mazira akhale pa madigiri pafupifupi 37.5 kwa masiku 21 mpaka aswe. Wa dimba ku Mitundu afuna kuti pampu ileke kutunga madzi dothi likanyoŵa. Ntchito ziŵirizi sizifuna intaneti, ndipo Arduino Uno, ngakhale ili yofooka poyerekeza ndi inzake, imazikwanitsa bwino lomwe.

Uno ili ndi ubwino winanso kwa munthu wosauka: imapirira manja a wophunzira. Imagwira ntchito pa mavoti 5, pamene ESP32 ndi Pico zimafuna 3.3, kotero kuti waya mmodzi wolumikizidwa molakwika angaziwononge. Pa Uno yokhala ndi ATmega328P yochita kuzika, kachipangizo kameneka kakapsa kamazulidwa ndi kuikapo kena, osataya bolodi yonse. Ndiponso maphunziro ake aulere ngochuluka, ndipo woifunsira nzeru sasoŵa.

Ena adzati Uno njachikale. Nzoona, koma mwana saphunzirira njinga pa njinga yamoto. Tsiku limene mlimi adzafune kuona pa foni yake mmene dimba lilili, wophunzirayo adzasamukire ku ESP32, pakuti nayonso imalembedwa ndi pulogalamu ya Arduino yomweyo, ndipo zimene anaphunzira sizidzapita pachabe.

Tsono makolo ndi aphunzitsi asalole ana kutaya ndalama za mtedza ndi fodya pogula dzina. Agule bolodi imodzi, aidziŵe bwino, ndipo anapiye oyamba akaswa, ndiye aganize zogula ina.