Choipa Chilibe Nkhokwe Yakeyake

Funso lakuti choipa chidachokera kuti ndi lakale, ndipo aliyense amene adaikapo maliro a munthu wophedwa popanda chifukwa adalifunsapo. Ngati Mulungu ndi wabwino, ndiponso ndiye adalenga zonse, nanga choipachi adachilenga ndani?

Mmodzi mwa anthu amene adasauka nalo funsoli ndi Augustine, mwana wa mu Africa muno, amene adabadwira ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, m'chaka cha 354. Kwa zaka pafupifupi 9 iye adatsata chiphunzitso cha Mani chakuti kuli mphamvu ziwiri zosatha, kuwala ndi mdima, zolimbana chiyambire. Chiphunzitsochi nchokoma m'khutu, pakuti chimapatsa wochimwa pothawira: walakwa ndi mdima, osati iye. Pambuyo pake Augustine adachikana, nafika pa mfundo yakuti choipa si cholengedwa ayi, koma kuperewera kapena kuonongeka kwa chabwino. Dzimbiri silikhala popanda chitsulo. Chilonda chimasowa thupi kuti chikhalepo, ndipo chikapola sichisamukira kwina, chimangotha.

Ife tikuona kuti mfundoyi imamveka bwino tikayang'ana bodza. Wabodza amadalira kuti anzake adazolowera kuuzana zoona. M'mudzi m'mene aliyense amanama, bodza silingapusitse munthu. Motero bodza limadya m'nkhokwe ya choonadi, lilibe yakeyake. Ndipo choipa nacho, pofuna kulowa m'mitima ya anthu ambiri, chimayamba chasintha maina a zinthu.

Tikudziwa kuti alipo awerengi amene anganene kuti awa ndi maganizo a anthu okhuta. Kodi mungamuuze mayi wamasiye wa ku Rwanda kuti chimene chidapha ana ake m'chaka cha 1994 ndi kuperewera chabe? Kudandaula kumeneku nkomveka. Anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, adaphedwa m'masiku ngati 100. Makolo adati choipa chitsata mwini, koma kumeneko chidatsata makanda.

Komabe tisaiwale chimene chidatsogola zikwanje zisanatuluke m'nyumba. Wailesi ya RTLM, imene idayamba kuulutsa mau m'chaka cha 1993, pamodzi ndi nyuzipepala ya Kangura, zinkatchula Atutsi kuti inyenzi, ndiye kuti mphemvu. Nkovuta kuti munthu akweze chikwanje pa mnansi amene adamwera naye chitsime chimodzi uku akumuona ngati munthu. Padafunika kuti choonadi chimenecho chiyambe chachotsedwa m'mutu mwake, tsiku ndi tsiku, pakati pa nyimbo ndi nthabwala. Kuperewera kumene ankanena Augustine si chinthu chaching'ono: munthu amafa ndi njala, chikhalirecho njala ndi kusowa kwa chakudya basi.

M'chaka cha 2003 bwalo la United Nations ku Arusha lidapeza olakwa Ferdinand Nahimana wa wailesi ija ndi Hassan Ngeze, mkonzi wa Kangura. Umodzi mwa milandu yawo udali wolimbikitsa anthu poyera kuti apulule mtundu wa anzawo. Nkhani imeneyi ife akonzi sitiiwerenga mtima uli m'malo.