Kuphiri ndimanyamula Baibulo, madzi ndi mbatata

Kwathu kuno munthu ukanenepa amati zikukuyendera, ukaonda amayamba kunong'onezana kuti mwina ukudwala. Ndiye ukangonena kuti ukufuna kuchepetsa thupi, ena amakufunsa kuti, "Aise, wayamba zachizungu?" Komatu BP ndi shuga sizifunsa zaka, ndipo ambirife timakhala pampando tsiku lonse, maso ali pafoni, tchipisi chili pambali.

Ntchito yanga ndi yolemba pa laputopu. Anesi atandiuza kuti BP yanga yayamba kukwera, ndinasankha phiri. Jimu imafuna ndalama mwezi uliwonse, pomwe mu Blantyre muno Soche, Michiru ndi Ndirande atizungulira. Loweruka m'mawa ndimakwera ndi anzanga a kutchalitchi, tikafika pamwamba timapemphera, kenako n'kutsika dzuwa lisanatenthe.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa m'mapirimu. Ndimakumana ndi achinyamata amene akusala kudya, koma ukacheza nawo umamva kuti chimene akufuna kwenikweni n'chakuti thalauza lakale liwakwanenso. Kusala ndi nkhani ya iwe ndi Mulungu wako, ndipo ndimakulemekeza. Kuchepetsa thupi ndi ntchito ina, imafuna chakudya. Ukakwera mtunda wopanda kanthu m'mimba umachita chizungulire, ndipo ukafika kunyumba umadya mitanda ya nsima ya anthu atatu. M'buku la 1 Mafumu, chaputala 19, mneneri Eliya asanayambe ulendo wopita kuphiri la Horebu, mngelo anamudzutsa kawiri kuti adye mkate ndi kumwa madzi. Ngati Eliya anayamba wadya, ine ndine ndani?

Choncho ndisananyamuke ndimadya phala kapena mbatata, m'chikwama muli madzi ndi nthochi. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye Loweruka lokha silikwanira. Masiku enawo ndimatsika minibasi patali n'kuyenda mphindi 30. Nsima sindinaisiye ayi, ndinangochepetsa mitanda n'kuonjezera masamba ndi nyemba. Akatswiri a zaumoyo amati kutsika ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata n'kokwanira, ndiye tiyi wa pa Facebook wolonjeza zozizwitsa musiyeni.

Musamakwere nokha, ndipo ngati muli ndi BP kapena shuga, yambani mwafunsa kuchipatala.

Maso anga ali pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje yotalika mamita 3,002, kumene munthu amapita ndi wolondolera njira. Sindinafikeko, ndipo sindikuthamanga. Phiri landiphunzitsa kuti kupemphera ndi kuchepetsa thupi zonse zimafuna kubwereza tsiku ndi tsiku, ngakhale tsiku limene ulesi wakugwira. Thupili ndinapatsidwa limodzi lokha, ndipo ndikufuna kuti lindifikitse kutali ndikutumikira Mwini wake. Loweruka likudzali, tipezane m'tsinde mwa Soche, koma mubwere mutadya.